Masitepe Opanda Nyumba

Evelina anatseka ntchito basi yomaliza itapita kale.

Sankafuna kuchedwa chonchi. Koma filimu imene ankakonza inkayenera kukaonetsedwa mawa lake ku Indianapolis, ndipo bwana wake, Melissa, anali atanyamuka masana kukakonza holo, n'kumusiyira chigawo chomaliza kuti ayeretse. Ntchito yake inali imeneyo. Masana ankaphunzira pa yunivesite, madzulo n'kumakhala pa kompyuta m'kasitudiyo kena kutsidya la kum'mawa kwa mtsinje mu South Bend, akuchotsa fumbi, nguwi ndi mizere yokandika pa mafilimu akale, chithunzi chimodzichimodzi.

Filimu iyi inajambulidwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, m'ndege zoponya mabomba zimene zinkanyamuka ku England. Zitini zake zinapezeka m'chipinda chapansi cha nyumba ina, zikununkha ngati viniga. Inalibe mawu. Anyamata ankaseka, ankakuwa, ena ankapemphera, koma osamveka ngakhale pang'ono.

Mwa onsewo panali mmodzi amene Evelina anamuzolowera. Anali wa mfuti ya kumchira, wokhala yekhayekha m'kachipinda kagalasi kumapeto kwa ndege. Pakamwa ndi mphuno zinali zophimbidwa ndi chopumira mpweya. Ankangooneka maso, ndi chipsera chodula nsidze yakumanzere. Dzina lake silinalembedwe paliponse. Mumtima mwake Evelina anali atamupangira moyo wonse: anabwerera kwawo, anakwatira mtsikana wa tsitsi lofiira, anakalamba akuweta nkhunda. Akakhala yekha ankamulankhula m'Chichewa, ngati mnzake wa pantchito.

Usiku umenewo, atavala chikhoti, anayang'ana maso aja pa sikirini n'kumwetulira.

"Basi, achimwene, kwada. Mwakhalitsa m'mwambamo. Tiyeni ndikuperekezeni kwanu."

Anazimitsa kompyuta, nakhoma chitseko.

Ali pakhonde, foni inalira. Anali Wanangwa, bwenzi lake, nesi wa pa chipatala china ku Indianapolis.

"Wafika kunyumba, Eve?"

"Ndikutuluka kumene. Ndamisa basi."

"Aaa, iwenso! Chibwenzi chako cha m'filimu chija chakugwiranso mwendo? Ine ndiye ndavutika, kupikisana ndi mwamuna wopanda pakamwa."

"Nsanje ikupha iwe. Munthuyo panopa ndi agogo a zidzukulu zodzaza basi."

"Itana takisi, mami. Kukuzizira koopsa."

"Ndi pafupi. Ndingowoloka mlatho, ndafika."

"Chabwino. Ukafika undiimbire. Ukapanda kutero ndiimba ine mpaka batire ithe."

Chipale chofewa chinkagwa mwakachetechete, chachikulu ngati thonje. Msewu unali wopanda munthu. Magetsi a pamphambano ankasintha okha, ofiira, obiriwira, ofiira, popanda galimoto yowamvera. Evelina anakokera chipewa m'makutu, nayamba kutsetsereka kulowera kumtsinje.

Sanapite patali pamene anamva fungo. Viniga.

Ananunkhiza magolovesi ake. Ayi, sanagwire zitini tsiku limenelo. Anapitiriza kuyenda, koma fungolo linkakula, ndipo tsopano linasakanikirana ndi la mafuta opserera.

Kenako anamva mapazi.

Anali olemera, a nsapato zikuluzikulu. Akaima, ankamvekabe kawiri, kenako zii. Akayamba kuyenda, ankadikira pang'ono, n'kuyambanso. Anasuzumira pa galasi la sitolo yotsekedwa. Munali iye yekha, ndi chipale.

Anafulumira. Mapazi anafulumira.

Pofika pamlatho, mapazi aja analeka. Evelina anapuma, n'kucheuka.

Munthu!

Anaima pamene mlatho umayambira, pansi pa getsi. Anali mnyamata wamtali, wovala jekete lachikopa la ubweya wa nkhosa m'khosi. Mwina ndi wophunzira wochokera kuphwando, anadziuza Evelina. Mwina waledzera. Koma getsi linali lachikasu, ndipo pa iyeyo silinkagwira. Anali wotuwa, wofwifwa, ngati chovala chimene chakhalitsa padzuwa.

Milomo yake inagwedera. Panalibe mawu. Atatseka pakamwa m'pamene mawuwo anafika, m'Chingerezi chotsika, ngati akuchokera m'chipinda china.

"Munati mundiperekeza."

"Pepani... sindikukudziwani."

"Munati kwada."

Mzere woyera, wopyapyala, unatsika pankhope pake kuchokera pachipumi mpaka pachibwano, n'kuzimirira. Evelina anaudziwa mzerewo. Anali ataufufuta yekha madzulo omwewo. Ndipo pamwamba pa diso lakumanzere... nsidze yodukiza.

Evelina anangoima pomwepo, akumuyang'ana.

Mnyamatayo ankayang'ana pansi pa mlatho, pamene madzi akuda ankayenda pakati pa zibenthu za ayezi.

"Madzi awa ndi ati?" anafunsa. "Sindingawoloke madzi amene sanandiuze dzina. Ena aja palibe anandiuza."

Apa m'pamene Evelina anakumbukira komwe anawamva mawu amene ananena pa sikirini aja.

Ali mwana, bambo ake anamwalira ku Joni. Thupi linabwera pa galimoto, ndipo abale anakalichingamira ku Mwanza. Malume ake, a Bongani, anakwera kumbuyo, nakhala pambali pa bokosi, nati, "Alamu, mwakhalitsa kuchilendo. Tiyeni ndikuperekezeni kwanu." Njira yonse mpaka ku Ntcheu ankalankhula ndi bokosilo. "Alamu, apa tikuwoloka Lisungwi. Alamu, apa ndi pamphambano, tikukhotera kumanzere. Uyu ndi Rivirivi." Anthu akawafunsa kanthu, sankayankha. Maliro atatha anamufotokozera Evelina chifukwa chake. Woperekeza wakufa sayankha wamoyo panjira. Samusiya panjira, chifukwa akamusiya, wakufayo amatsata iyeyo n'kukakhazikika kwake, ndipo nyumba imeneyo sifundanso. Amakamufikitsa pakhomo penipeni, n'kumupereka kwa eni ake.

Koma uyu si wakufa, Evelina anadzitsutsa. Uyu anabwerera. Anaweta nkhunda.

Pakamwa pake sipanamvere zimenezo.

"Achimwene," anatero, "apa tikuwoloka mtsinje wa St. Joseph."

Mnyamatayo anadzutsa mutu. Anaponda pamlatho.

Anayenda limodzi, iye patsogolo, mnyamatayo pambuyo pang'ono kudzanja lamanja. Kayendedwe kake kankadumphadumpha. Ali apa, mwadzidzidzi ali apo, ngati filimu imene zithunzi zina zinaduka. Mphepo ya pamtsinje inkaboola chikhoti. Evelina sanayang'ane pansi, chifukwa ankadziwa kuti pa chipalepo apeza mapazi a munthu mmodzi yekha.

"Tawoloka. Apa talowa m'tauni."

"Fakitale sikulira," anatero mnyamatayo. "Bwanji sikulira? Bambo ali pa shifiti ya usiku."

M'thumba foni inayamba kunjenjemera. Wanangwa. Dzanja linapita lokha, koma Evelina analibweza. Foniyo inalira, inalira, n'kuleka.

Anadutsa maofesi amdima, malo okwerera basi, tchalitchi chotsekedwa. Pa mphambano iliyonse ankatchula dzina la msewu. Kenako anafika pa nyumba yanjerwa imene Evelina ankachita lendi. Getsi la pakhomo linali loyaka. Makiyi anali m'thumba, akumubaya pantchafu. Akanangothamanga, kutsegula, kukhoma...

"Kwanu ndi kuno?" mawu anafika pafupi ndi khutu lake. "Kukuoneka kofunda."

Evelina anadutsa pakhomo pake ngati sakupadziwa.

"Kwanu ndi kuti, achimwene?"

"Kumadzulo. Kupitirira manda. Kumene kumanunkha buledi Loweruka."

"Nanga dzina lanu?"

Milomo inagwedera nthawi yaitali. Mawu sanafike.

Nyumba zinayamba kutalikirana. Magetsi a mumsewu anachepa. Zala za kumapazi zinasiya kupweteka, ndipo Evelina ankadziwa kuchokera kwa Wanangwa kuti zikasiya kupweteka m'pamene zafika poipa. Foni inanjenjemeranso. Anailekerera, misozi ikuuma m'masaya.

Mpanda wachitsulo unayamba kumanja kwawo. Kuseri kwake miyala inali ndandanda, iliyonse itavala chipewa choyera. Mtima wa Evelina unadumpha ndi chiyembekezo. Mwina ndi pano. Mwina ntchito yathera pano.

"Achimwene, apa ndi pamanda. Geti ili apo."

Mnyamatayo sanayang'aneko n'komwe.

"Umo ayi. Umo anangoikamo mwala."

Anapitirira. Tsopano mnyamatayo ndiye anali patsogolo, akudumphadumpha, akufulumira. Anakhota kawiri, nalowa m'kamsewu kopanda getsi ngakhale limodzi. Kumanzere nyumba yokhomedwa matabwa m'mazenera. Kumanja tchire lofota. Kenako malo apululu, oyera, otambalala.

Anaima.

"Ndi pano."

Evelina anayang'ana. Panalibe nyumba. Panalibe khoma, ngakhale mpanda. Panali masitepe a simenti okha, okwera kuchokera m'mphepete mwa msewu, n'kukathera m'malere.

Mnyamatayo anawayang'ana masitepewo. Anayang'ana pamwamba pake, pamene pankayenera kukhala chitseko. Mizere yoyera inayamba kuthamanga pankhope pake, yambirimbiri. Mbali ina ya jekete inada, n'kutukusira ngati filimu yogwira moto.

"Asamuka," anatero. "Sanandidikire."

"Mwina talakwitsa msewu..."

"Ndi pano."

Anatembenuka pang'onopang'ono. Dzanja lake linagwira mkono wa Evelina. Kuzizira kwake kunapyola chikhoti, juzi, khungu, mpaka m'fupa. Linali lonyowa. Linkanunkha mchere.

"Ndiye tibwerere kwanu kuja. Kofunda kuja."

Ayi! Ayi, Mulungu wanga!

Anafuna kukuwa. Kukuwira ndani? Galu sanauwe. Zenera silinayake. Chipale chokha, chikugwa, chikugwa.

Kodi malume anatani atafika ku Ntcheu? Nyumba ya agogo inali yotsegula, anthu ali mbwee pabwalo akulira. Komabe malume sanangolowetsa bokosi. Anatsika. Anagwada...

Evelina anagwada pa chipale, pansi pa masitepe. Anavula magolovesi ndi mano. Anawomba m'manja katatu, mofatsa, manja opindika, monga amachitira pakhomo pa akulu.

"Odi! Odi kuno!"

Zii.

"Tabwera naye mwana wanu. Dzina sindikulidziwa, koma inu mukulidziwa. Wachokera kutali. Wawoloka madzi. Chonde, mulandireni."

Zii. Dzanja lija linafinya kwambiri.

"Odi, amayi!"

Khethe!

Kunali kulira kwa chitsulo chotsegulira chitseko, m'malere, pamwamba pa masitepe. Kuwala kwachikasu kunagwa pa chipale, kotalika, kwa ngodya zinayi, ngati kochokera pakhomo lotsegulidwa. Khomolo silinkaoneka. Kunangobwera mpweya wofunda, ndi fungo la buledi wongophula kumene. Ndipo mawu a mayi, osweka, anaitana liwu limodzi lachilendo.

"Kazik?"

Dzanja linamasuka.

Mnyamatayo anakwera. Sankadumphanso. Sitepe iliyonse inkamubwezera mtundu: jekete linasanduka lofiirira, tsitsi lagolide, masaya ofiira ndi chisanu. Atafika pamwamba anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba Evelina anamuona akumwetulira. Anali wokongola kuposa mmene ankamuganizira m'masiku onse aja. Ulendo uno mawu anatuluka limodzi ndi milomo.

"Lowani muwothe. Amayi sangalole mlendo abwerere pa chisanu chotere."

Anatambasula dzanja.

Kunali kofunda. Ha, kunali kofunda! Evelina anali atatopa, tulo tikumukoka m'zikope. Kungowotha pang'ono basi. Kungokhala pansi kamphindi, pafupi ndi maso aja. Anadzuka. Anaponda sitepe yoyamba. Yachiwiri. Zala zake zinatsala pang'ono kukhudza zala za mnyamatayo...

Foni inanjenjemera.

Ndipo anakumbukira mawu otsiriza a malume tsiku lija, akusamba m'manja kuseri kwa nyumba: woperekeza amathera pakhomo. Salowa.

Anali atamupereka kale. Tsopano akanatha kuyankha wamoyo.

Anasolola foni ndi zala zouma, naikanikiza pakhutu.

"Wanangwa!"

"Iwe mtsikana, ukufuna kundipha ndi mtima? Ndaimba kangati? Uli kuti?"

Kuwala kunazima. Khethe! Chitsulo chinatsekeka.

Evelina anapezeka ataima yekha pamwamba pa masitepe, phazi limodzi lili m'malere. Kutsogolo kwake kunali dzenje la chipinda chapansi chakale, lodzaza chipale chofewa. Munthu akanagweramo n'kugona, sakanapezeka mpaka chisanu chitatha.

"Eve? Ukundimva? Lankhula!"

"Usadule foni," ananong'ona. "Undilankhule mpaka ndikafike. Nena chilichonse. Nditukwane kaya."

Wanangwa anamulankhula njira yonse. Shifiti itatha anayendetsa galimoto mpaka ku South Bend, napeza Evelina atadzikulunga mabulangete, magetsi onse ali oyaka. Anamupima zala, namukalipira, namuphikira tiyi. Za mnyamata uja Evelina sananene. Anangoti anasochera.

Madzulo ake onse awiri anali mu holo ku Lawrence, m'mphepete mwa Indianapolis, pafupi ndi pamene kale panali kampu ya asilikali. Munadzaza ana ndi zidzukulu za anyamata a m'ndege zija, ena atanyamula zithunzi za m'mafelemu. Melissa analankhula mwachidule, magetsi anazima, filimu inayamba.

Chigawo choyamba Evelina anali asanachionepo, chifukwa anachiyeretsa Melissa yekha. Anyamata anali pansi, pa udzu, nkhope zili poyera, akuvala majekete. Wina anatembenukira kwa wojambula, nakweza dzanja, namwetulira. Tsitsi lagolide. Nsidze yodukiza.

"Kazik!"

Mawuwo anachokera kutsogolo, kwa gogo wina wa pa njinga ya olumala. Evelina anagwira mkono wa Wanangwa mwamphamvu mpaka Wanangwayo anati, "Mayo, iwe!"

Magetsi atayaka, Evelina anapita kukagwada pambali pa njingayo. Gogoyo anati dzina lake ndi Loretta, ndipo amakhala kwa mdzukulu wake ku Beech Grove.

"Mumamudziwa mnyamata uja, agogo?"

"Ndi mchimwene wanga, Casimir. Kunyumba tinkangoti Kazik. Ine ndinali kamwana pamene ankapita." Anapukuta maso ndi kansalu. "Ndege yawo inabwerera, koma yopanda mchira. Anawomberedwa ali pamwamba pa nyanja, mu 1943. Thupi silinapezeke. Kumanda ku South Bend tinangoika mwala."

Gogoyo anapitiriza.

"Amayi sanavomereze. Mpaka tsiku la imfa yawo sanakhomepo chitseko usiku. Ankati mwanayo sanatenge kiyi. Nyumbayo anaigwetsa kalekale, mwana wanga. Ndimamva kuti patsala masitepe okha." Gogoyo anaseka pang'ono, mwamanyazi. "Koma taonani zodabwitsa. Usiku wapitawu ndawalota amayi. Akukhoma chitseko, akuzimitsa nyale. Zaka zonsezi sindinawalotepo ali ndi mtendere chonchija."

Anthu anali atayamba kuvala zikhoti pamene Melissa anagogoda maikolofoni.

"Musanapite, taonani pang'ono za chitini chotsatira. Sitinachiyeretse, tiyamba Lolemba. Ndi anyamata a ndege ina. Awa palibe anabwerera ngakhale mmodzi."

Magetsi anazimanso.

Pa sikirini panatuluka chithunzi, ndipo Evelina ankachidziwa. Anachiona sabata yomweyo pamene chitinicho chinkatsegulidwa: anyamata ataima pansi pa phiko, atafulatira wojambula, akuyang'ana ndege yawo. Anakumbukira bwino, chifukwa anadandaula kuti palibe nkhope yooneka.

Tsopano onse anali atatembenuka.

Sankayang'ana wojambula. Maso awo anali atapendekera pang'ono kumanzere, pansi, pamene Evelina anali atagwada pambali pa njinga ya gogo. Wapakati anavula chipewa. Milomo yake inagwedera, n'kutsekeka.

Mu holo munali zii.

Evelina anatseka makutu ndi manja onse awiri, ngakhale ankadziwa kuti sizithandiza. Mawuwo afika. Amangochedwa.